Giyaliva yovina ya Hilux ya nthochi: lipoti la ntchito ya pa Luchenza

Galimotoyi inafika pagalaja pathu pa Luchenza Lachiwiri m'mawa, kunja kukuwaza chiperoni chija chimakhala masiku atatu osakata. Ndi Toyota Hilux yakale ya kabini imodzi, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Injini yake ndi ya dizilo, 3L, ija ya malita 2.8, ndipo ili ndi magiya asanu opita kutsogolo ndi rivesi yake. Makilomita sindilemba chifukwa wotchi yake inaima kalekale. Mwini wake ndi mayi wina wa geni amene amapikula nthochi cha ku Thekerani ndi Masambanjati n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo nyengo yake ikakwana amawonjezera mapeyala ndi nanazi wa ku Mulanje. Amene amayendetsa ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zaka za m'ma 20.

Mayiwo sanafune n'kukhala pansi komwe. "Amisiri, ine ndabwera kuti mundiuze chilungamo. Kumene tinapita koyamba akuti giyabokosi yatha, tisake ina. Ndalama imeneyo ndilibe. Ngati n'zoona nenani, galimotoyi ndiigulitse ndibwerere ku matola."

Mantha awo ndinawamvetsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chimakutulutsa m'shopu chamsanamsana, ndipo giyabokosi ya Hilux, ngakhale yogwirapo kale ntchito, imatha kudya mpamba wonse wa munthu wa geni.

Mnyamatayo ndiye anafotokoza matenda. "Madala, giyaliva ikungovina. Wani ndimachita kusaka ngati ndikufufuza ndalama m'thumba lobooka. Rivesi ndiye imalowa ikafuna yokha. Komanso thuu imathawa ndikamatsika mtsetse, osati tsiku lililonse ayi, koma imathawa."

Ndinamufunsa mmene zinayambira. Giya ikakana mwadzidzidzi, dzulo inali bwino lero yakana, maganizo anga amathamangira ku chinthu chothyoka m'kati. Ikayamba pang'onopang'ono ndimaganiza za chinthu chodyeka. Iye anati papita chaka ndi miyezi. Poyamba ndodo ya giyayo inkangolira tchetchetche akathamanga pa tala, ndipo akaigwira inkakhala chete, choncho anazolowera kuyendetsa dzanja lamanzere lili pamutu pake. Kenako wina wa m'mbali mwa msewu anaitsegula "n'kumangamo kenakake", inakhala bwino masabata awiri, n'kubwerera moposa kale. Misewu imene amayendamo ndikuidziwa. Ija yolowera m'minda ya nthochi, chiiwonongereni namondwe Freddy mu Malichi 2023, ina ndi zigwembe zokhazokha.

Zimene ndinayesa ndisanagwire sipanala

Ndinakwera, injini ili yozima, n'kugwira ndodoyo. Inkayenda ngati mthiko m'poto wa phala. Koma kugwedera kwa pa nyutulo sikunena zambiri, chifukwa pamenepo ndodo imayenera kuyenda cham'mbali ndithu. Muyeso weniweni umatengedwa giya italowa. Ikalowa, zitsulo zosankha magiya m'katimo zimakhala zagwirana, sizingapite kumanja kapena kumanzere, ndiye kugwedera konse kumene dzanja likumva kuli pakati pa dzanjalo ndi khomo la giyabokosi.

Ndinalowetsa giya yachitatu, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito atagwira rula kumbuyo kwa mutu wa ndodo. Cham'mbali inayenda masentimita 9, kutsogolo ndi kumbuyo masentimita 6, giya isanasunthe n'komwe. Ndodo yabwino imayenda ngati kunenepa kwa chala chimodzi basi. Nditaikoka m'mwamba inanyamuka pang'ono n'kugwera pansi kuti gobo. Ndodo yokhala bwino sinyamuka.

Kenako kilatchi, chifukwa anthu ambiri amaimba mlandu giyaliva pamene wolakwa ndi kilatchi yosalekanitsa bwino. Ndinaliza injini, kuponda kilatchi mpaka pansi, kuwerenga mpaka 5, n'kusaka rivesi. Nditaipeza inalowa mwakachetechete. Pa mabokosi ambiri akale ngati awa rivesi ilibe synchro, kamphete kamkuwa kaja kamafananitsa liwiro la magiya asanagwirane, ndiye siibisira kilatchi chilichonse: ikakhala kuti ikukoka, rivesi imakukuta mano mpaka wodutsa pamsewu kucheuka. Mafuta a kilatchi anali pa mzere wake, ndipo panalibe podontha.

Ndinamvetseranso phokoso pa nyutulo, phazi lili pa kilatchi kenako nditalichotsa. Panalibe kulira kwa bering'i. Titazungulira nayo pang'ono, giya iliyonse ikalowa inkakoka bwino popanda kuwuwa. Giyabokosi yotha imadzinenera yokha. Iyi inali chete.

Chomaliza ndinagwada n'kuwunika pansi ndi tochi. Mounting ya kumbuyo, mphira uja umanyamula mchira wa giyabokosi pamwamba pa chitsulo chopingasa, inali yonyowa ndi oyilo wosakanikirana ndi dothi lofiira, koma inkaoneka yathunthu. Kunali kuzizira, pansi pali matope, ndipo ndinakhutira ndi maso. Tayaliva, chitsulo chija chovulira tayala, inali pomwepo pa benchi, sindinaitenge.

Mayiwo ndinawauza kuti andipatse masiku awiri, ndipo asagulitse kanthu.

Mmene ndodoyi imakhalira

Ndilembeko pang'ono za kapangidwe kake, chifukwa magalimoto ambiri amene akulowa m'dziko masiku ano ndi a otomatiki, ndipo anyamata ena amatha chaka pagalaja osaonapo kunsi kwa giyaliva.

Pa Hilux iyi injini ndi giyabokosi zagona motsata kutalika kwa galimoto, ndiye ndodo imabowola pansi pa kabini n'kulowa m'bokosi mwachindunji. Palibe kebulo, palibe ndodo ina yolumikizira. Chakumunsi kwa ndodoyo kuli mbulunga yaikulu yachitsulo, pamene imapendekera. Mbulungayo imakhala pa kamphete ka mphira wolimba, kamene m'buku amakatchula shift lever seat, ife timangoti siti. M'mbali mwa mbulunga muli timipata tiwiri momwe mumalowa timapini, kuti ndodo isamazungulire. Pamwamba pake pali chivindikiro chokhala ndi sipulingi chimene chimaikanikizira pansi. Ndiye kunsonga kwenikweni kuli kambulunga kakang'ono kovala bushi ya nayiloni yooneka ngati kachipewa, ndipo bushi imeneyo ndi imene imalowa m'kachikho kachitsulo komangidwa pa shafiti yosankha magiya. Pomwe pali mphira ndi nayiloni, pamenepo ndi pamene pamayamba kutha. Anazipanga dala chomwecho kuti zitsulo zisadyane, komanso kuti kunjenjemera kwa dizilo kusafike kudzanja.

Magalimoto okoka ndi matayala akutsogolo ndi nkhani ina. Corolla kapena Probox ya manyuwo ili ndi makebulo awiri, ina yosankha mzere, ina yolowetsa giya, ndipo kumeneko timayang'ana mabushi a kunsonga kwa makebulo ndi timakilipi togwira makebulowo. Citi Golf ili ndi ndodo zolumikizana ndi timbulunga ta pulasitiki. Koma funso ndi lomwelo: kodi dzanja likasuntha, kusunthako kukufika konse ku bokosi kapena kukutayikira m'njira?

Kuphwasula

Handibuleki, miyala kumbuyo ndi kutsogolo kwa matayala, giya pa nyutulo. Za nyutulo musaiwale. Mukazula ndodo giya ili m'kati, kachikho kaja kamatsala pambali, ndipo pobwezera mumatuluka thukuta pachabe.

Titamasula mutu wa ndodo tinapeza chinthu chimene sindinachionepo. M'malo mwa buti yofewa imene imatseka bowo la pansi pa kabini, wina anadula lamba wa chigayo, uja wophwatalala wokhuthala, n'kumuboola pakati, n'kumukhomera pansi ndi masikulu anayi. Mnyamata woyendetsa anaseka. "Ameneyo ndinaika ndine, madala. Fumbi linkatimaliza, azakhali ankatsika galimoto ali mbuu ngati achokera kuchigayo komweko." Ndinamuyamikira nzeru n'kuika lambayo pambali.

Pansi pake buti yaing'ono, imene imatseka khomo la giyabokosi lenilenilo, inali yong'ambika mbali yonse. Apa ndi pamene pankatulukira oyilo amene ananyowetsa pansi ponse, ndipo ndi pomwenso pankalowera fumbi ndi madzi.

Chivindikiro cha sipulingi sichifuna sipanala. Mumachiphimba ndi chisanza kuti zala zisaterereke, n'kuchikanikizira pansi mwamphamvu, n'kuchipotoza pang'ono kumanzere mmene timamasulira bawuti. Wophunzira wanga analimbana nacho mpaka kuluma mlomo, chifukwa ankapotoza asanakanikize mokwanira. "Iwe, kankha kaye mpaka umve kuti chatsika, ukatero zungulitsa." Chinamasuka, ndodo n'kutuluka.

Siti munalibe. Munali zinyenyeswa zakuda ngati makala opondedwa, zina zitamatirira m'mbali, zina zitagwera m'kati. Pa mbulunga yaikulu panali "kenakake" kaja: mphira wa chubu, uja timamangira katundu pa njinga, atakulungidwa kangapo. Mphira wa chubu sugwirizana ndi oyilo. Umafufuma n'kusanduka phala, ndipo apa unali utafewa moti unkatsalira m'zala. Masabata awiri aja anali nthawi imene unatenga kuti usungunuke. Kunsonga, bushi inatsala theka lokha, lopyapyala ngati chikhadabo.

Ndinamuonetsa wophunzira wanga chifukwa chimene kanthu kakang'ono chotere kamavinitsira ndodo yonse. Tinayeza: kuchokera pa mbulunga yaikulu kufika kumutu panali pafupifupi masentimita 35, kuchokera pa mbulunga yomweyo kufika kunsonga masentimita 6 okha. Ndiye kuti mpata uliwonse wa kunsi umakula pafupifupi kasanu ndi kamodzi ukafika kudzanja. Bushi ikadyeka n'kusiya mpata wa mamilimita 5, kumutu ndi masentimita 3. Onjezanipo mbulunga imene ikusambira popanda pokhala, mwapeza masentimita 9 aja. Ndipo ulendo wa dzanja ukathera m'mipata imeneyi, giya imalowa theka, mano ake angogwirana kunsonga. Giya yolowa theka imathawa. Pamenepo ndinaona ngati ndafotokoza madandaulo onse atatu ndi chinthu chimodzi, ndipo mtima unakhala pansi msanga kuposa mmene unayenera.

Ndisanatume munthu kukagula zinthu ndinayang'ana zotsala. Timapini tiwiri tija tinali todyeka pang'ono koma tolimba. Kachikho sikanatambasuke kukamwa, ndipo bawuti yake pa shafiti inali yomangika. Nditakakankhira kumbali ndi sikuludiraiva kankabwerera kokha pakati, pa mzere wa giya yachitatu ndi yachinayi, kusonyeza kuti masipulingi obwezera ali moyo. Ndodo yeniyeniyo ndinaimanga pa vaisi n'kuipotoza, chifukwa ndi zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi mphira m'kati, ndipo mphira umenewo ukalekana ndodo imagwedera ngakhale kunsi kuli kwatsopano. Inali yolimba.

Zinyenyeswa zinatitengera ola lathunthu. Tinatseka kunsi ndi chisanza choyera, n'kumatola kamodzikamodzi ndi kawaya kopinda ndi pulayazi yosongoka. Zimene zinagwera kale m'kati zinafuna kukhetsa oyilo. Pokhetsa, yambani mwamasula pulagi yothirira, ya m'mbali, musanakhudze ya pansi. Ndinaonapo galimoto itakhala masiku awiri yopanda oyilo chifukwa yothirirayo inakana kumasuka atakhetsa kale. Zonse ziwiri ndi soketi ya 24.

Oyilo anatuluka wochepa, wosakwana lita imodzi ndi theka, wofiirira ngati madzi a Thuchila mvula ikagwa kumtunda. M'beseni munatsala tizidutswa toyera ta bushi ndi nyenyeswa za siti. Pa maginito a pulagi panali phala lotuwa losalala, lomwe ndi lachibadwa pa bokosi lakale, koma panalibe chidutswa cha dzino ngakhale chimodzi. Nditatulutsa beseni panja n'kulipendeketsa, ndinaona tinthu tonyezimira tachikasu tikuyandama. Umenewo ndi mkuwa wa synchro. Ndinalemba m'buku.

Kugula ndi kumanga

M'mawa mwake wophunzira wanga anakwera minibasi ya ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Bvumbwe, atatenga theka la bushi lija m'kapepala, nambala ya chasisi, ndi chithunzi cha khomo la bokosi pa foni. Hilux yakhala ikutuluka ndi mabokosi osiyanasiyana, a G, a W ndi a R, ndipo siti ya bokosi lina sikhala bwino pa linzake ngakhale m'maso zikufanana. Komanso galimoto ya zaka zimenezi simungalumbire kuti bokosi lili m'menemo ndi lomwe inabadwa nalo. Cha m'ma 11 koloko ananditumizira zithunzi pa WhatsApp, ndinakana siti yoyamba chifukwa inkaoneka yaifupi, ndinavomera yachiwiri. Bushi itasowa, munthu wa makina osemera zitsulo akhoza kukusemerani ya nayiloni, ndipo imagwira ntchito. Siti yokha ndimakonda yogula. Siti, bushi, buti yaing'ono ndi oyilo, zonse pamodzi sizinafike mtengo wa tayala limodzi latsopano la galimoto yomweyo.

Bushi yatsopano imakhala youma, ndipo mukaimenya ndi hamala imang'aluka. Tinaiviika m'madzi otentha a m'ketulo ya tiyi kwa mphindi zochepa, kupaka girizi pang'ono pa kambulunga, n'kuikanikiza ndi chikhatho pa benchi mpaka inalira kuti thwa. Siti inalowa m'malo mwake titapukuta bwino, mbali yolowa m'kati ngati mbale itayang'ana kumwamba. Girizi wopyapyala pa mbulunga, osati chibumu. Kenako kulunjikitsa timipata ndi timapini, nsonga m'kachikho, chivindikiro pansi n'kupotozera kumanja mpaka chitakola. Buti yaing'ono pamwamba. Oyilo tinathira 75W-90 mpaka atayamba kusefukira pakamwa pa bowo lothirira, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Buku limalola oyilo wa gulu la GL-4 kapena GL-5, koma pa bokosi la synchro zamkuwa zimene zayamba kale kutha ine ndimasankha GL-4.

Rula inanena kuti masentimita 9 aja atsala sentimita imodzi ndi theka. Mnyamata woyendetsa analowetsa wani, thuu, rivesi, n'kuyang'ana azakhali ake. "Azakhali, ngati yatsopano."

Buti yakunja, ija yotseka bowo la pansi pa kabini, tinalibe, ndipo iye anachonderera kuti tibwezere lamba wake wa chigayo chifukwa cha fumbi. Ndinalola. Tinaiyesa pa tala, msewu wa M2 kulowera ku Thyolo, kukwera pakati pa minda ya tiyi n'kutsika pa giya yachiwiri phazi lili pambali. Sinathawe. Chimene ndinamva ndi kukhekhereza pang'ono ndikatsitsa msanga kuchoka pa yachitatu kupita pa yachiwiri, zomwe zinagwirizana ndi mkuwa wa m'beseni uja. Galimoto inali yopanda katundu, ndipo msewu unali wosalala. Mayiwo analipira, n'kunyamuka akumwetulira.

Kubweranso

Patatha masiku 9 Hilux ija inaima pakhomo nthochi zili zodzaza, fungo la mabuleki opsa likumveka ndili m'kati. Mayiwo anatsika nkhope ili gwa.

"Amisiri, kodi ndinakulakwirani chiyani? Thuu yathawa kawiri pa mtsetse umodzi, katundu ali pamsana. Mwanayu akanapanda kulimba mtima bwenzi mukumva uthenga."

Panalibe choyankha koma kupepesa. Giya ikathawa potsika, galimoto yolemera imatsala pa mabuleki okha, ndipo mitsetse ya ku Thekerani si yoseweretsa. Mnyamatayo anawonjeza mawu amene anandibaya: "Madala, kale inkathawa mwa apo ndi apo. Chikonzereni ikuthawa kwambiri, koma pa msewu woipa pokha. Pa tala ayi."

Kunena zoona, maganizo oyamba anali akuti amene ananena za bokosi aja mwina sananame. Giya imathawa ngati mano ogwirana nawo adyeka n'kukhala otsetsereka, ngati foloko, chitsulo cha mphanda chimene chimakankha giya kuti ilowe, yadyeka, kapena ngati kasipulingi ndi kambulunga kogwira shafiti pamalo pake zafooka. Ziwiri zoyambazo zimafuna kutsitsa bokosi. Koma mawu akuti "pa msewu woipa pokha" sankagwirizana nazo. Mano odyeka sasankha msewu. Amathawa paliponse pamene wachotsa phazi pa mafuta.

Nthochi tinazitsitsira pa mthunzi. Ndinamasula lamba wa chigayo uja n'kumutembenuza. M'mphepete mwa bowo lake, mbali ya kumbuyo, munali mopekeseka mowala, ndipo pa ndodo panali mzere wofanana nawo pomwe utoto unachoka. Ndodo ikakhala pa giya yachiwiri imagonera kumbuyo, ndipo inkatsamira pa lambayo. Lamba wa chigayo sapinda.

Kenako ndinauza mnyamatayo kuti akoke handibuleki, aponde buleki, alowetse wani n'kumasula kilatchi pang'ono ngati akufuna kunyamuka, kenako achite chimodzimodzi pa rivesi. Ine ndinkayang'ana m'bowo la pansi pa kabini. Khomo lonse la giyabokosi linkadumpha n'kupendekera mbali iyi, kenako mbali inayo, ndodo ikupita nalo. Bokosi limagwedezeka pang'ono pa galimoto iliyonse, koma uku kunali kudumpha.

Tinaikweza pa mastandi, chifukwa pansi pa galimoto yokhala pa jeke yekha sindilowa ndipo wophunzira wanga sindimulola. Ndinalowetsa tayaliva pakati pa mchira wa bokosi ndi chitsulo chopingasa n'kutukula. Mchira unanyamuka wonse, mounting n'kutseguka pakati ngati kamwa. Mphira unali utalekana ndi chitsulo chake, wofewa ndi oyilo uja ankatsika kuchokera pa buti yong'ambika, komanso wophwatalala moti mchira unkakhala motsika kuposa malo ake. Galimoto ikaima, kulemera kwa bokosi kunkatseka mng'aluwo, n'chifukwa chake tochi inandinamiza. Ntchito ya mphindi imodzi imeneyi ndikanaichita tsiku loyamba.

Apa nkhani yonse inalumikizana. Pa zigwembe, katundu ali pamsana, injini ikugwira galimoto potsika, bokosi linkadumpha n'kugwa. Ndodo imayenda ndi bokosi, koma lamba anakhomeredwa ku kabini. Bokosi likagwa, mphepete ya lamba inkakankhira ndodo kutsogolo, kumene kuli nyutulo. Kale kukankhako kunkathera m'masentimita 6 a kugwedera aja, osafika ku magiya, ndipo kuthawa kwa nthawi imeneyo kunali kwa giya yolowa theka. Ine nditachotsa kugwedera, ndinapatsa lamba njira yolunjika yofikira ku shafiti. Chizindikiro chinali chimodzi, thuu kuthawa, koma zoyambitsa zinali ziwiri, ndipo kukonza choyamba kunakulitsa chachiwiri. Giya yachinayi nayonso imagonera kumbuyo, koma palibe amene amatsika zigwembe pa folo.

Ndinawaitana mayiwo kuti agwade aone okha. Anayala chitenje pansi, n'kusuzumira ine ndikutukula ndi tayaliva.

"Ndiye chimenechi simunachione tsiku lija?"

"Ndinachiyang'ana, mayi, koma sindinachigwire. Kulakwa n'kwanga. Mugule mounting yokha, ntchito ya lero simulipira."

Kusintha mounting sikunatenge nthawi. Jeke pansi pa bokosi, thabwa pakati kuti chitsulo chisaswe aluminiyamu, kunyamula pang'ono pokha, kumasula mabawuti a pamwamba ndi a pansi, yatsopano m'malo. Mabawuti tinawamanga komaliza bokosi litakhazikika ndi kulemera kwake, kuti mphira usakhale wopotoka. Ma mounting awiri a injini ndinawayesa ndi tayaliva yomweyo. Ya kumanzere ili ndi ming'alu ya pamwamba koma ikugwira, ndipo ndawauza kuti isadutse dzinja likubwerali. Buti yakunja tinapeza yofewa bwino kwa munthu wina amene akuphwasula Hilux yogundidwa, ndipo titaiika ndinayesa giya iliyonse kuona kuti ndodo sikukhudza chilichonse cholimba.

Ulendo uno sindinayesere pa tala. Nthochi zinabwerera m'galimoto, ine n'kukhala pambali pa mnyamatayo, tinalowa msewu wafumbi wa kumidzi umene uli ndi mtsetse wa miyala wotsikira kumtsinje. Tinatsika katatu pa thuu, iye manja onse ali pa chiwongolero, ine maso ali pa ndodo. Inkanjenjemera pang'ono ndi dizilo, osasuntha. Kachitatu ndinamuuza kuti alunjike dala pa zigwembe. Inakhalabe.

Pobwerera ndinaona dzanja lake lamanzere labwerera pamutu pa giyaliva, mwachizolowezi. Ndinalimenya pang'ono. Dzanja likatsamira pamenepo, kulemera kwake kumakankhira foloko pa chitsulo chimene chikuzungulira, ndipo foloko imadyeka mwakachetechete. Phokoso limene ankaletsa lija kulibenso, ndiye dzanjalo lilibe ntchito pamenepo. Ndinamuphunzitsanso kuponda kilatchi kawiri potsitsa kupita pa thuu: kilatchi pansi, nyutulo, kilatchi m'mwamba, mafuta pang'ono, kilatchi pansi, thuu. Akatero injini ndi imene imafananitsa liwiro, synchro yotopayo n'kupumako. Madalaivala a malole akale amazidziwa, iye anali asanamvepo. Kachisanu anakhoza popanda kukhekhereza.

Zotsala

Synchro ya giya yachiwiri ndi yotha ndithu, ndipo mayiwo ndawauza mosabisa kuti tsiku lina bokosili lidzatsika. Koma lidzatsikira kamphete kamkuwa ndi mabering'i amene tidzawapeze otopa, osati kukatayidwa. Pakali pano likhoza kugwira ntchito, bola oyilo asachepe ndipo mwanayo asamalimbane ndi thuu. Oyilo amene tinathira tidzamukhetsanso msanga kuposa nthawi yake, kuti atsuke nyenyeswa ndi dothi zimene zinatsalira m'makona, ndipo tsiku limenelo ndidzayang'ananso maginito ndi kupendeketsa beseni padzuwa.

Papita masabata asanu ndi limodzi. Loweruka lapitali anaima pakhomo akuchokera ku Thekerani, injini osazimitsa. Ndinalowetsa mkono pawindo n'kugwedeza ndodo ili pa giya: chala chimodzi. Pansi pa bokosi ndi pouma. Mayiwo anatsitsa mkoko wa nthochi n'kuuika pa benchi. "Izi n'za mwana wanuyu, amene anakwera minibasi. Inu zanu munadya kale." Lamba wa chigayo uja wophunzira wanga wamudula pawiri, ndipo tsopano ndi zotetezera pakamwa pa vaisi.